Malaputopu opyapyalawa akufanana bwanji chonchi, nanga kupyapyalako tikulipira chiyani?

Kamtedza_07:
Akuluakulu, ndithandizeni kumvetsa. Ikani Zenbook ya Asus, XPS 13 ya Dell, MateBook ya Huawei, Galaxy Book ya Samsung ndi MacBook Air patebulo limodzi, muphimbe zizindikiro ndi dzanja. Ndi angati angazisiyanitse? Onse otuwa, onse a aluminiyamu, m'mbali timabowo tiwiri ta USB-C basi. Makampaniwa akuonerana ngati ana a sukulu pa mayeso, kapena pali chimene chikuwakakamiza? Funso lachiwiri: munthu akawonjezera ndalama kuti atenge ya mamilimita 11 m'malo mwa ya 17, akugula chiyani kupatula kukongola?

Gulugufe:
Akuonera Apple. Nkhani yatha, tsekani.

Sikuludiraiva_T5:
Sinathe, a Gulugufe. Kupyapyala sikunayambe ndi Apple. Sony inali nayo kale VAIO X505 mu 2003, yosakwana n'komwe kilogalamu imodzi. Chimene Apple inachita mu Januwale 2008 n'kusandutsa kupyapyala kukhala chinthu chosiririka. Steve Jobs anasolola MacBook Air mu envulopu ya muofesi anthu akuona ku San Francisco, ndipo chithunzi chimenecho n'chimene chinakhazikika m'mitu. Koma taonani zimene anataya kuti ikwane mu envulopumo. Munalibe DVD, munalibe bowo la waya wa netiweki, USB inali imodzi yokha yobisika kuseri kwa kachitseko, batire linatsekeredwa mkati, ndipo hard disk inali kaja ka mainchesi 1.8 kochedwa zedi. Mtengo madola 1,799. Kumbuyo inali mamilimita 19, kutsogolo 4. Kaumbidwe ka nkhwangwa kameneka ndi kopusitsa maso: diso limathamangira kutsogolo kosongokako, pamene bolodi ndi fani zili kumbuyo kochindikala.

Patangopita mwezi Lenovo inatulutsa ThinkPad X300, kulemera kwake pafupifupi chimodzimodzi, koma munali DVD, ma USB atatu, bowo la netiweki ndi batire lochotseka. Pa ntchito inali patsogolo. Ndani akuikumbukira lero?

MphepoYaMwera:
Funso loyambalo yankho lake lili kwa Intel. Mu 2011, pa chionetsero cha Computex ku Taipei, Intel inalengeza dzina loti Ultrabook, kenako n'kuika madola 300 miliyoni othandizira makampani opanga zida za malaputopu oterewa. Kuti laputopu ivale dzinalo inayenera kukwana pa muyezo: isapitirire mamilimita 18 ngati sikirini ndi ya mainchesi 13, kapena 21 ngati ndi ya 14 kupita m'mwamba, batire lizitha maola osachepera 5, izidzuka msanga, ndipo purosesa ikhale ya Intel yosadya magetsi ambiri. Intel inkafunanso mtengo ukhale pansi pa madola 1,000. Mukapatsa atelala khumi nsalu imodzi, muyezo umodzi ndi mtengo umodzi, malaya ake angasiyane pati? Chaka chomwecho kunatuluka Zenbook UX31, Acer Aspire S3, Toshiba Portégé Z830 ndi Lenovo U300s, zonse ngati ana a mimba imodzi.

Komanso ambiri mwa mayina amene timawerenga pa chivundikiro sasula okha. Ntchitoyo amaipereka kwa Quanta, Compal, Wistron, Inventec, makampani a ku Taiwan amene mafakitale awo ambiri ali ku China. Fakitale imodzi itha kupangira opikisana awiri.

Gulugufe:
Nanga Intel'yo inkaonera ndani? kkkk

MphepoYaMwera:
Apo mwandigwira. Koma inalinso ndi mantha ake. iPad inali itatuluka mu 2010 ndi chip chosakhala cha Intel, ndipo anthu anayamba kufunsa ngati laputopu ikufunikabe.

Bolodi_Lobiriwira:
Tiyeni tiwerenge mamilimita, chifukwa funso lachiwiri likuyankhidwa ndi rula. Laputopu singapyapyale kuposa chinthu chochindikala kwambiri chimene chili m'mimba mwake. Zakale zija za mamilimita 30 kupita m'mwamba zinali ndi DVD ya mamilimita 12.7, kapena 9.5 ikakhala yopyapyala, hard disk ya 9.5 kapena 7, ndi batire lopangidwa ndi timabatire tozungulira ta 18650, kalikonse mamilimita 18. Onjezani bowo la VGA ndi la waya wa netiweki, amene ndi akuluakulu ndithu.

Anayamba n'kuchotsa DVD. Hard disk inalowedwa m'malo ndi SSD ya M.2 2280, kabolodi ka mamilimita 22 m'lifupi, 80 m'litali, kuchindikala kosakwana 4. Timabatire tozungulira tinasanduka timatumba tafulati ta lithium polymer toyalidwa pansi pa touchpad. Mpaka apa, pa mamilimita 15 kapena 16, wogula sanaluze kanthu kenikeni. Zimene zachokazo ambiri sazisowa, ndipo SSD ndi yothamanga kuposa hard disk kutalitali.

Kutsika pamenepo ndiye amayamba kucheka mnofu. USB-A, imene pulagi yake ndi mamilimita 4.5, amaichotsa kuti patsale USB-C ya pafupifupi 2.6. HDMI imapita. RAM amasiya kuika pa soketi, amaiwotcherera pa bolodi. Mabatani a kiyibodi, amene pa ThinkPad zakale ankatsika mamilimita 2.5, amawatsitsa pa 1.5, kenako 1. Fani imapyapyala, kapaipi kamkuwa kotulutsa kutentha amakaphwatalitsa, batire amalimata ndi guluu. Ndiye a Kamtedza, pakati pa 17 ndi 11 pali zimenezo. Mukulipira kuti akuchotsereni.

Nyenyezi_yaM'mawa:
Mukulankhula ngati kukongola ndi tchimo. Pali zinthu zimene dzanja limamva, ndipo si chinyengo. Thupi losemedwa kuchokera ku chidutswa chimodzi cha aluminiyamu, lija Apple inalitchula unibody mu 2008, silipindika mukanyamula laputopu ndi ngodya imodzi. Yapulasitiki yotchipa imalira phwe phwe, ndipo kupindikako kumafika pa bolodi n'kumafooketsa malo owotcherera. Chivundikiro chimene chimatseguka ndi chala chimodzi, pansi osanyamuka, ndi umboni woti mahinji anawayeza bwino ndi kulemera kwa thupi. Kusema kumeneku kumatenga nthawi pa makina a CNC, aja osema chitsulo molamulidwa ndi kompyuta, kenako amawaza timikanda kuti pasalale, n'kuviika mu asidi ndi magetsi kuti pamwamba pakhale khungu lolimba lolandira utoto. Imeneyi ndi ntchito, ndipo n'koyenera kuti ikwere mtengo.

Dzungu_Lofiira:
Chikomekome cha mkuyu, achemwali.

Nyenyezi_yaM'mawa:
Nyererezo tazitchulani ndiye, musangoponya mwambi n'kuthawa.

Dzungu_Lofiira:
Chabwino, nyerere yoyamba ili ndi dzina la mnzathuyu: kiyibodi ya gulugufe (butterfly), yotchedwa choncho chifukwa kachipangizo ka pansi pa batani kali ngati mapiko a gulugufe. Apple inaiyambitsa mu 2015 pa MacBook ya mainchesi 12, ija ya mamilimita 13.1, magalamu 920, bowo limodzi lokha la USB-C lotchajira ndi kulumikizira chilichonse. Batani linkatsika osakwana milimita imodzi. Mpata ukachepa chonchi, kanyenyeswa ka buledi kapena kamchenga kamodzi kakalowa pansi, batani limakanirira, kapena kulemba chilembo kawiri, kapena osalemba n'komwe. Pa kiyibodi wamba mumazula batani, kupemerera, kubwezeretsa. Pa iyi timapini take tinkathyoka, ndipo kiyibodi yonse inali yokhomereredwa ku chivundikiro chapamwamba pamodzi ndi batire lomatidwa. Batani limodzi likafa, mumasintha theka la laputopu. Apple inatsegula ndondomeko yokonza ulere mu 2018, inayamba kubwerera ku kiyibodi wamba kumapeto kwa 2019, ndipo mu 2022 inavomera kulipira madola 50 miliyoni pa mlandu wa ku America. Aliyense amene akuona MacBook Pro ya 2016 mpaka 2019 kapena Air ya 2018 ndi 2019 ikugulitsidwa motchipa, ayese batani lililonse kakhumi asanatulutse ndalama, makamaka E, R, N ndi lija lalitali losiyira mpata.

Gulugufe:
Dzinali ndinalitenga ku maluwa, osati kwa Apple.

Sikuludiraiva_T5:
Nyerere yachiwiri ndi ya chaka cha misala, 2016. HP inatulutsa Spectre 13 ya mamilimita 10.4 ndi mahinji onyezimira ngati mkuwa, n'kunena kuti palibe yopyapyala kuposa iyo. Patatha miyezi ingapo Acer inayankha ndi Swift 7 ya 9.98. Mu 2018 Acer yomweyo inafika pa 8.98, ndipo kuti ifike pamenepo touchpad inasiya kudinikizika, purosesa inali yofooka ija ya Intel ya gulu la Y, yosafuna fani. Dell inali itayesapo kale njira imeneyi mu 2009 ndi Adamo XPS ya 9.99, koma pofika 2011 dzina la Adamo linali litafa. Mpikisano wa theka la milimita umapambanitsa pa chionetsero, m'sitolo ayi.

Kamtedza_07:
Ndiye ngati si kupyapyala, tiziyang'ana chiyani? Munthu woyenda nayo tsiku lonse akufunabe yosalemera.

MphepoYaMwera:
Mwanena nokha: yosalemera. Kupyapyala ndi kupepuka ndi zinthu ziwiri, ndipo msana umamva chimodzi chokha. Swift 7 ya mamilimita 8.98 ija inkalemera pafupifupi makilogalamu 1.2. LG gram ya mainchesi 13 ya chaka chomwecho inali yochindikalirapo, koma yosakwana kilogalamu imodzi, ndi batire lalikulu la 72 Wh, USB-A ndi HDMI zili momwemo. Gram 17 ya 2019, sikirini yonse ija ya mainchesi 17, inali magalamu 1,340, pamene Air yoyamba ya mainchesi 13 inali 1,360. Chinsinsi chake ndi chitsulo: thupi la gram ndi la magineziyamu. Aluminiyamu amalemera magalamu 2.7 pa kiyubiki sentimita, magineziyamu 1.74. A ku Japan ndiye anapita patali, Fujitsu inafika pa magalamu 634 mu 2020 pa laputopu ya mainchesi 13.

Vuto la magineziyamu n'loti m'manja amamveka ngati pulasitiki, samazizira ngati aluminiyamu, ndipo chivundikiro chimapindikako mukachikanikiza. Wogula amagogoda ndi chala n'kuganiza kuti ndi yotchipa. Apa ndi pamene maonekedwe amapusitsa: yolemera ndi yozizira imaoneka yodula, pamene yopepukayo ndi imene yadya nzeru zambiri. ThinkPad X1 Carbon, kuyambira 2012, inatenga njira yapakati, carbon fibre pamwamba, magineziyamu pansi.

Ndipo poyeza muziika tchaja pa sikelo. Laputopu ya kilogalamu imodzi yofuna tchaja yaikulu ndi kachipangizo kowonjezera mabowo imafika pomwe pali inzake ya 1.4 yokhala ndi mabowo ake.

WaKuMsika:
Pepani ndikhoteko pang'ono. N'chifukwa chiyani za aluminiyamuzi zimanjenjemeretsa dzanja zikakhala pa magetsi? Ndi shoko kapena?

Bolodi_Lobiriwira:
Ndi kamphamvu kochepa kodutsa mu kapasita ya mu tchaja. Tchaja ya mano awiri ilibe waya wa earth, ndiye kamphamvuko kamakhala pa thupi lachitsulo mpaka inu mutaligwira. Pa tchaja yeniyeni n'kochepa kwambiri, sikavulaza. Mankhwala ake ndi chingwe cha mano atatu chimene dzino lachitatu ndi lachitsulo ndipo lalumikizidwadi, pa soketi imene earth yake ikugwira. Ma adaputala ambiri ndi ma extension otchipa ali ndi bowo lachitatu koma mkati mulibe waya. Ikamaluma zenizeni, kapena touchpad ikamadumphadumpha nthawi yotchaja yokha, tchajayo ndi yabodza, itayeni.

WaKuMsika:
Nanga tchaja ya foni ya USB-C ingatchaje?

Bolodi_Lobiriwira:
Kawirikawiri pokhapokha ikhale ya USB PD (Power Delivery, njira yotchajira mwamphamvu pa USB-C) yotulutsa ma volti 20. Werengani timalemba pa tchajapo: 5V, 9V, 15V, 20V. Yambiri ya foni imathera pa 9V kapena 12V, ndipo malaputopu ambiri amaikana kapena amatchaja atazimitsidwa okha. Opyapyala ambiri amafuna mawati 45 kapena 65. Chingwe nacho chili ndi malire: wamba chimanyamula ma ampu 3, kutanthauza mawati 60. Kupitirira apo pamafunika cha ma ampu 5 chokhala ndi kachip mkati. Ubwino umodzi weniweni wa mpikisanowu ndi umenewu, power bank ya PD ya mawati 65 imayendetsa laputopu magetsi akathima, popanda inivetala.

Kamtedza_07:
Tibwerere ku mutu. Kutentha bwanji? Ena akuti i7 mu laputopu yopyapyala ndi kutaya ndalama.

Sikuludiraiva_T5:
Nthawi zambiri akunena zoona. Purosesa za U za Intel zinalembedwa mawati 15, za H mawati 45. Koma ntchito yolemera ikayamba, ya U imakoka mawati oposa pamenepo kwa kanthawi, mwina theka la miniti, kenako imatsika kufika pamene fani ndi kapaipi zingakwanitse. Ikafika madigiri 100 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Ndiye i5 ndi i7 za m'badwo umodzi, mu thupi limodzi lopyapyala, zikatha mphindi 10 zimakhala pafupifupi pamodzi, chifukwa malire ndi kutentha, osati dzina. Purosesa imodzi yomweyo imathanso kuthamanga mosiyana mu malaputopu awiri.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani HWiNFO, pulogalamu yoonetsa mawati ndi kutentha, yendetsani Cinebench, yolemetsa purosesa n'kuipatsa malikisi, mobwerezabwereza kwa mphindi 10, yerekezani zotsatira za ulendo woyamba ndi womaliza, ndipo yang'anani mawati ndi madigiri. Mvetseraninso fani. Yopyapyala imayenera kuzungulira kwambiri kuti ikankhe mpweya womwewo, ndiye imalira mokweza ngati udzudzu.

Fumbi la mu Okutobala limathera pa tizitsulo tapakamwa pa fani, pamene mipata yake ndi yaing'ono kwambiri. Potsuka: zimitsani, masulani masikuluwu apansi ndi Torx T5 pa XPS ndi Zenbook zambiri, kapena pentalobe P5 pa MacBook, ndipo muziwayala mmene anakhalira chifukwa kutalika kwake kumasiyana. Lalitali mukalilowetsa pa bowo la lalifupi limaboola bolodi kapena kutukula pamwamba. Kanganulani chivundikiro ndi kapulasitiki, osati mpeni. Zulani chingwe cha batire musanagwire china chilichonse. Gwirani fani ndi chala popemerera kuti isazungulire mopitirira. Thermal paste, phala lija lopaka pa purosesa kuti kutentha kudutse, ingafune kusintha pakatha zaka zitatu kapena zinayi, kadontho kakang'ono basi.

Nyenyezi_yaM'mawa:
Koma vomerezani kuti M1, chip cha Apple yokha cholowa m'malo mwa cha Intel, inasintha nkhaniyi. Air ya Novembala 2020 inali ndi thupi lomwelo la ya Intel ya miyezi ingapo m'mbuyomo, koma fani anachotsamo, batire n'kumakhala nthawi yaitali kwambiri. Vuto silinali kupyapyala, linali chip chodya magetsi. Ndipo yopanda fani sikoka fumbi.

Sikuludiraiva_T5:
Ndikuvomera theka. Ikamagwira ntchito yolemera nthawi yaitali nayonso imatsitsa liwiro, kungoti mwakachetechete. Ndipo onani zimene Apple yomweyo inachita mu 2021: MacBook Pro inachindikala, HDMI inabwerera, bowo la SD linabwerera, MagSafe, pulagi yotchajira ya maginito, inabwerera. Amene anayambitsa gule anayamba kubwerera m'mbuyo anzake akuvinabe. Dell mu 2022 inatulutsa XPS 13 Plus yopanda bowo la mahedifoni, mabatani a mzere wapamwamba atasanduka timagetsi togwira ndi chala, touchpad yosaoneka malire ake. Pa chithunzi ndi yokongola kwabasi. Koma Esc yosamveka pansi pa chala, kwa wolemba mapulogalamu, ndi chilango.

Dzungu_Lofiira:
Musaiwale kamera yoonera m'mphuno. Dell itachepetsa felemu ya sikirini mu 2015 inasowa poika kamera, n'kuiika pansi pa sikirini. Aliyense pa msonkhano ankaona chibwano chanu ndi zala zikulemba. Zinatenga mpaka 2019 kuti apange kamera yaing'ono yokwana pamwamba. Huawei mu 2018 inaibisa mu batani pakati pa F6 ndi F7, mukadina imatumphuka. Nzeru zambiri, mphuno yomweyo.

Felemu yopyapyalayo payokha ndi yabwino, chifukwa sikirini ya mainchesi 14 ikukwana mu thupi limene kale linali la 13. Pamenepo laputopu imachepadi m'chikwama.

MwanaWaTelala:
Onse akufanana kupatula ThinkPad. Bokosi lakuda lija katswiri wa maonekedwe a zinthu Richard Sapper anapangira IBM mu 1992, potengera kabokosi konyamuliramo chakudya ka ku Japan, ndi kadontho kofiira pakati pa kiyibodi. Lenovo inagula ThinkPad kwa IBM mu 2005 koma sinayerekeze kusintha nkhope. Ndi yokhayo mungaizindikire muli kukhomo. Asus nayo inayesa ndi timizere tozungulira pa chivundikiro cha Zenbook.

Za mitundu, chenjerani ndi yakuda ndi yabuluu wodera pa aluminiyamu. Khungu lautotolo ndi lopyapyala kwambiri, ndiye pozungulira bowo la USB-C pamayamba kuoneka siliva pulagi ikamakanda. Air ya M2 ya mtundu wa Midnight inatchuka ndi zidindo za zala. Yasiliva ikakandika sizioneka, chifukwa pansi pake ndi siliva yemweyo. Microsoft inaika nsalu ya Alcantara pa Surface Laptop ya 2017, yofewa bwino, koma imada ndi thukuta, ndipo kuti mutsegule munayenera kuing'amba. A iFixit, amene amamasula zipangizo kuti aone ngati zingakonzeke, anaipatsa 0 pa 10.

Bolodi_Lobiriwira:
Choopsa kwambiri ndi zotchipa zovala malaya a zodula: chivundikiro cha aluminiyamu wopyapyala kunja, mkati mahinji atamangidwa pa timanati tamkuwa tomizidwa mu pulasitiki. Hinji ikauma ndi fumbi, mphamvu yonse yotsegulira imathera pa pulasitikiyo, timanati timazuka, felemu imang'ambika pangodya, kenako sikirini imasweka. Mukangomva kuti yayamba kulimba kapena kulira pangodya, tsegulani mumasule nati wa hinji pang'ono, gawo limodzi mwa anayi a mzungulo. Timanati tikazuka kale, epoxy wa machubu awiri amagwira, super glue ayi. Ndipo muzitsegula mutagwira pakati, osati ngodya.

Nyenyezi_yaM'mawa:
Komabe RAM yowotchererayo si dyera lokha. LPDDR, mtundu wa RAM umene amawotcherawo, imadya magetsi ochepa ndipo imafuna kukhala pafupi kwambiri ndi purosesa, sinali ndi soketi n'kale.

MphepoYaMwera:
Zinali choncho mpaka 2024, pamene LPCAMM2 inatuluka pa ThinkPad P1, LPDDR yomangidwa ndi masikuluwu. Kampani ya Framework nayo kuyambira 2021 ikugulitsa ya mainchesi 13, yosakwana mamilimita 16, makilogalamu 1.3, RAM ndi SSD zochotseka, batire la masikuluwu, mabowo osankha nokha, sikuludiraiva ili m'bokosi. Ndiye guluu ndi chisankho. Koma mbali inayi Intel, pa mapurosesa ake a Lunar Lake a 2024, inaika RAM pa purosesa penipeni, 16 kapena 32 GB, mpaka kalekale.

Kamtedza_07:
Ndiye wogula yogwiritsidwapo kale ntchito, X1 Carbon kapena XPS kapena EliteBook, ayang'ane chiyani pamalopo?

Sikuludiraiva_T5:
Choyamba RAM. Ngati ndi yowotcherera ndipo ndi 8 GB, idzafa ndi 8 GB, ndiye funani 16. Pa X1 Carbon ndi XPS 13 ndi yowotcherera, pa EliteBook 840 muli masoketi awiri. Chachiwiri ikani laputopu pa galasi kapena tebulo losalala. Ikamagwedera, kapena touchpad yatukuka ndipo ikuvuta kudina, batire latupa, ndipo mu thupi lopyapyala lilibe kothawira koma kukankha zimene zili pamwamba pake. Lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt, yerekezani mphamvu imene batire linabadwa nayo ndi imene latsala nayo. Pansi pa 70 peresenti, chotsani mtengo wa batire latsopano pa mtengowo. Yesani kutchaja pa bowo lililonse la USB-C, pulagi mbali zonse ziwiri, mukuigwedeza pang'ono, chifukwa pa malaputopu ambiri bowolo lili pa bolodi penipeni ndipo kulisintha kumafuna mmisiri wowotcherera ndi makina a mpweya wotentha (hot air). Tsegulani chivundikiro pang'onopang'ono mpaka kumapeto mukuyang'ana ngati kuwala kukuthima, ndi matenda a chingwe cha sikirini amene anavuta MacBook Pro za 2016. Lowani mu BIOS muone ngati mulibe pasiwedi ya kampani imene inali nayo. Ndipo ngati muzikaonetsa zinthu pa pulojekita za m'masukulu ndi m'maofesi, HDMI yeniyeni ikhalepo.

Gulugufe:
Pulojekita zina zikadali za VGA, bwana.

Sikuludiraiva_T5:
Pamenepo adaputala simungaithawe. Gulani ya HDMI kupita ku VGA yokhala ndi kabowo ka mawu, chifukwa VGA sinyamula mawu, ndipo muimangirire ku chingwe cha tchaja ndi labala.